Musaitaye Kompyuta Yakaleyo, Ichepetsereni Katundu

M'nyumba zambiri muli laputopu imene inapuma ntchito isanafe. Ina ili pamwamba pa kabati itaphimbidwa ndi nsalu, ina ili m'sutikesi pansi pa bedi. Mwina anaitumiza achimwene kuchokera ku Johannesburg, mwina inagulidwa pamene ofesi ina inkagulitsa katundu wake wakale. Mukaiyatsa imayaka ndithu, koma pofika poti itsegule kalata, madzi a tiyi amakhala atawira kale. Fani imalira, kachizindikiro kamangozungulira pa sikirini, ndipo onse m'nyumbamo anagwirizana kalekale kuti imeneyi yatha.

Kawirikawiri imakhala isanathe. Chimene chimayendetsa kompyuta ndi pulogalamu yaikulu imene akatswiri amaitcha operating system, ambirife timangoti sisitimu, ndipo imene tinaizolowera ndi Windows. Chaka ndi chaka Windows yakhala ikulemera, pomwe makina anu ali monga anatulukira kufakitale. Onjezani pamenepo antivirus, timapulogalamu tambirimbiri timene timadziyatsa tokha, ndi mavayirasi obwera ndi mafulashi. Zili ngati kukweza matumba asanu a makala pa njinga yonyamula awiri: njingayo ilibe vuto, chofunika n'kutsitsako katundu.

Pali chifukwa china chofulumizira nkhaniyi. Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows XP pa 8 Epulo 2014, Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa amene analembetsa kuti awonjezeredwe kanthawi. Kompyuta siizima tsiku lotero, koma mipata imene akuba a pa intaneti akupeza siitsekedwanso. Windows 11 nayo imakana makina ambiri akale. Imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0, ndipo pa makina a Intel imafuna purosesa ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita kutsogolo, imene inayamba kutuluka mu 2017. Laputopu ya 2012 yokhala ndi Core i5, imene ikanatha kutumikira banja zaka zina zingapo, yatsekeredwa kunja.

Njira yotulukira ndi Linux. Anaiyambitsa ndi Linus Torvalds mu 1991 ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, ndipo lero ndi imene ili pa mtima pa foni iliyonse ya Android. Ndi yaulere mwalamulo. Simufunika kiyi yogula kapena yobedwa, ndipo palibe uthenga wotuluka pakona ya sikirini wonena kuti sisitimu yanu ndi yachinyengo. Chimene chimasokoneza oyamba kumene n'chakuti Linux ili m'mitundu yambirimbiri, yopangidwa ndi magulu osiyanasiyana. Musavutike nayo yonse. Pa ntchito ya pakhomo, mitundu inayi kapena isanu ndi yokwanira kuidziwa.

Yambani mwadziwa chimene muli nacho

Musanatsitse chilichonse pa intaneti, funsani kompyutayo zinthu ziwiri: ili ndi RAM yochuluka bwanji, ndipo purosesa yake ndi ya 64-bit kapena ya 32-bit. Ngati Windows ikuyakabe, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani msinfo32, kenako dinani Enter. Pa mndandanda umene utuluke, mzere wa Installed Physical Memory ukuuzani RAM, wa Processor ukuuzani dzina la purosesa. Lembani papepala.

Apa pali msampha umodzi. Mzere wa System Type ukhoza kunena kuti x86, kutanthauza 32-bit, chikhalirecho purosesa ndi ya 64-bit, chifukwa amene anaika Windows anaika ya 32-bit. Khulupirirani dzina la purosesa. Core 2 Duo, Core i3, i5 ndi i7 onse ndi a 64-bit. Pentium M, Core Duo yopanda nambala 2 ija, ndi Atom N270 imene inali m'timalaputopu tating'onoting'ono ta cha m'ma 2009, ndi a 32-bit. Dzina lina lililonse lifufuzeni pa foni yanu. Nkhaniyi ndi yofunika chifukwa mitundu yambiri ya Linux inasiya kutulutsa ya 32-bit. Linux Mint inasiya mu 2020, ndipo Debian, imene ndi kholo la mitundu yambiri, inasiya kupereka yoikira pa makina otere pamene inatulutsa Debian 13 mu Ogasiti 2025.

Tsopano mawu oona amene okonda Linux ena amawadumpha. Sisitimu yopepuka imapepula kompyuta, koma siipepula intaneti. Chimene chimadya RAM kwambiri masiku ano ndi browser, pulogalamu yolowera pa intaneti monga Firefox kapena Chrome. Facebook, YouTube ndi WhatsApp Web zimalemera chimodzimodzi kaya muli pa Windows kaya pa Linux. Phindu la Linux yopepuka n'lakuti iyo imadya pang'ono n'kusiyira browser malo ambiri. Choncho kompyuta ya RAM ya 1GB idzalemba makalata, idzaonetsa mafilimu osungidwa pa disiki ndi kuimba nyimbo bwinobwino, koma mukatsegula masamba asanu a intaneti nthawi imodzi idzayambanso kukwawa. Mukadziwiratu zimenezi simudzakhumudwa.

Kusankha mtundu

Ngati RAM ndi 4GB kapena kuposerapo, musachedwe n'kufunsa uku ndi uku: tengani Linux Mint. Imabwera m'maonekedwe atatu, Cinnamon, MATE ndi Xfce, ndipo yopepuka pa makina akale ndi Xfce. Munthu wozolowera Windows 7 sasochera: batani la mapulogalamu lili pakona yakumanzere pansi, wotchi ili kumanja, mafoda amatseguka monga mwa masiku onse. Eni ake amanena kuti imafuna RAM ya 2GB, ngakhale 4GB ndiyo yoyenda nayo momasuka, ndi malo a 20GB pa disiki. Mint 22, imene inatuluka mu 2024, idzasamalidwa mpaka 2029. Ndimaiika patsogolo osati chifukwa ndi yopepuka kuposa yonse, ayi, koma chifukwa anthu oigwiritsa ntchito ndi ambiri. Vuto lililonse limene mungakumane nalo, wina anakumana nalo kale ndipo yankho lake linalembedwa.

Pa RAM ya 2GB, Mint Xfce iyendabe, koma Lubuntu ndi MX Linux ndi zoyenera kuziyesanso. Lubuntu ndi ya m'banja la Ubuntu, sisitimu imene inayambitsidwa mu 2004 ndi kampani ya Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Posankha Lubuntu onetsetsani kuti pa dzina pali zilembo LTS. Zoterezi zimasamalidwa zaka zitatu, pomwe zinazo zimatha pakangopita miyezi isanu ndi inayi, ndipo banja lilibe nthawi yomaika sisitimu kawiri pa chaka.

RAM ikakhala 1GB kapena kucheperapo, kapena purosesa ikakhala ya 32-bit, dzina lofunika kulidziwa ndi antiX. Maonekedwe ake ndi achikale ndipo zinthu zina zimafuna kuziphunzira, koma imadzutsa makina amene ena onse anawakana, ndipo ndi imodzi mwa yochepa imene yapitiriza kukumbukira makina a 32-bit. Palinso Puppy Linux, imene anaiyambitsa Barry Kauler wa ku Australia mu 2003. Imeneyi ndi yaing'ono kwambiri moti imatha kukhala pa fulashi n'kumagwira ntchito yonse kuchokera mu RAM, ngakhale hadi disiki itafa.

Mudzamvanso za ChromeOS Flex ya Google. Ndi yosavuta ndipo imathamanga, koma inapangidwira anthu okhala pa intaneti tsiku lonse, imafuna RAM ya 4GB ndi purosesa ya 64-bit. Kwa ife amene timawerengera bandulo, sindingailimbikitse.

Musanapitirire, khalani pansi ndi onse ogwiritsa ntchito kompyutayo mufunsane chimene aliyense amachita nayo. Microsoft Office yoika pa kompyuta, Photoshop ndi CorelDRAW sizipangidwira Linux. Pali zolowa m'malo mwake: LibreOffice pa makalata ndi maakaunti, GIMP pa zithunzi, Inkscape pa zojambula. Wolemba makalata a mpingo, malipoti a banki m'khonde kapena ntchito ya kusukulu sadzasowa kanthu. Koma ngati mwana wanu amapeza ndalama popanga makadi a ukwati pa CorelDRAW, kapena bizinesi yanu imadalira pulogalamu ya maakaunti ya pa Windows yokha, kompyuta imeneyo isiyeni momwe iliri.

Kukonzekera

Choyamba, chimene anthu amalira nacho akachidumpha: kuika sisitimu yatsopano kumatha kufufuta zonse za pa disiki. Zithunzi za ukwati, masatifiketi, nyimbo, zolemba za ana, zonse zikopereni pa hadi disiki yakunja kapena pa fulashi ina. Yang'anani mu Documents, Pictures, Downloads ndi pa Desktop pomwe, chifukwa ambirife timaunjika zinthu pamenepo. Mukatha, tsegulani mafayilo angapo pa kompyuta ina muone ngati akopedwadi. Mapasiwedi a imelo ndi Facebook amene browser imakukumbukirirani alembeni pena pake. Anthu ambiri amazindikira kuti sadziwa pasiwedi yawo tsiku limene browser yakale yapita.

Chachiwiri ndi fayilo ya sisitimuyo, imene dzina lake limathera ndi .iso. Itengeni pa tsamba la eni ake basi, monga linuxmint.com, lubuntu.me kapena antixlinux.com. Ya Mint ndi pafupifupi 3GB, choncho konzekerani bandulo yokwanira, kapena pitani pamene pali Wi-Fi, kapena funsani mnzanu amene ali nayo kale. Kupatsana n'kololedwa, ndipo fayilo imodzi ikhoza kutumikira mudzi wonse. Popeza netiweki imadukaduka, fayilo ikhoza kuoneka ngati yatha kutsika chikhalirecho yaonongeka mkati. Pa tsamba limene mwaitenga pamakhala nambala yaitali yotchedwa SHA256. Pa Windows tsegulani Command Prompt mu foda imene muli fayiloyo, lembani certutil -hashfile, dzina la fayilo, kenako SHA256. Nambala imene ituluke ifanane ndi ya pa tsamba lija. Ntchitoyi ndi yotopetsa pang'ono, koma imapulumutsa ku vuto la sisitimu yoima pakati poiika, disiki itafufutidwa kale.

Chachitatu ndi fulashi ya 8GB yopanda kanthu kofunika, chifukwa nayo ifufutidwa. Kungokopera fayilo ya .iso pa fulashi sikuthandiza. Pamafunika kapulogalamu koilemba mwa njira yoti kompyuta iyakirepo. Rufus ndi kodziwika kwambiri pa Windows: sankhani fulashi, sankhani fayilo, dinani Start. Pa makina akale kwambiri, pamene alemba Partition scheme sankhani MBR. Ventoy ndi yabwino kwa ofuna kuyesa mitundu ingapo, chifukwa mukaiika pa fulashi kamodzi, mumangoponyamo mafayilo a .iso ambiri n'kumasankha poyatsa. Chenjerani ndi mafulashi otchipa modabwitsa a m'mphepete mwa msewu. Ena amalembedwa 64GB koma mkati muli malo ochepa, ndipo amaononga mafayilo mwakachetechete.

Yesani musanafufute

Zimitsani kompyuta, lowetsani fulashi, yatsani, ndipo nthawi yomweyo yambani kudinadina batani lotulutsa mndandanda wa poyakira. Pa Dell, Lenovo, Acer ndi Toshiba kawirikawiri ndi F12, pa HP ndi F9 kapena Esc, pa Asus ndi Esc kapena F8. Mukachedwa Windows iyaka. Palibe chaonongeka, zimitsani muyesenso. Mndandanda ukatuluka sankhani dzina la fulashi yanu. Ikapanda kuoneka, lowani mu BIOS ndi F2, Del kapena F10, muone ngati kuyakira pa USB n'kololedwa. Makina a kuyambira cha m'ma 2012 ali ndi Secure Boot. Mint ndi Lubuntu zimagwirizana nayo, koma mitundu ina ing'onoing'ono imafuna kuti muizimitse kaye.

Apa ndi pamene pali ubwino waukulu wa Linux, ndipo ndi pamene ndikupemphani kuti musathamange. Sisitimu imayaka yonse kuchokera pa fulashi osakhudza disiki yanu. Mukhoza kuigwiritsa ntchito madzulo onse, n'kuzimitsa, n'kuchotsa fulashi, Windows yanu n'kubwerera monga inalili. Idzaoneka yochedwerapo chifukwa fulashi ndi yochedwa kuposa disiki, choncho musaiweruze pa liwiro. Iweruzeni pa ziwalo za kompyuta.

Yesani Wi-Fi: kodi ikuona manetiweki a pafupi? Yesani mawu: imbani nyimbo pa sipika, kenako pa mahedifoni. Yesani kamera ngati mumaimbirana ndi achibale akunja. Dinani mabatani owonjezera ndi kuchepetsa kuwala kwa sikirini, chifukwa sikirini yowala kwambiri imamaliza batire msanga magetsi akathima. Tsekani chivindikiro cha laputopu, dikirani pang'ono, tsegulani muone ngati ikudzuka. Lumikizani pulinta ngati muli nayo. Mapulinta ambiri a HP amangogwira osafuna chilichonse, koma ena a makampani ena amafuna kufufuza. Tsegulani kalata yanu ya Word mu LibreOffice muone momwe ikuonekera. Ngati mumagwiritsa ntchito dongo ya intaneti, iyeseninso lero lomwe.

Wi-Fi ikakana musataye mtima. Malaputopu ambiri akale a HP ndi Dell ali ndi kachipangizo ka Broadcom kamene kamafuna dalaivala yapadera. Lumikizani foni yanu ya Android ndi chingwe cha USB, pa foni yatsani USB tethering, ndipo kompyuta ilandira intaneti pompo. Pa Mint tsegulani Driver Manager, ikuonetsani dalaivala yofunika. Muyenera kudzabwereza zimenezi mukamaliza kuika sisitimu, chifukwa zochita pa fulashi sizisungika.

Mudakali pomwepo yang'anani thanzi la hadi disiki. Pa Mint pali pulogalamu yotchedwa Disks. Itseguleni, sankhani disiki yanu, muwerenge chimene yalemba pa Assessment. Ikanena kuti disiki yatsala pang'ono kufa, kapena yapeza malo ambiri oonongeka, ndiye kuti kuchedwa kwa kompyuta yanu kunali kwa disiki, ndipo palibe sisitimu imene ingachiritse vutoli. Disiki yogogoda ngati wotchi nayo ikutsanzika.

Kuika

Sankhani nthawi imene magetsi ali odalirika. Laputopu ikhale yodzaza batire ndiponso yolumikizidwa ku chaja. Ngati batire linafa kale, monga zilili ndi malaputopu ambiri akale, kapena ngati ndi kompyuta ya pa tebulo, kuthima kwa magetsi pakati pa ntchitoyi kukusiyani ndi makina osayaka. Si imfa, mumangoyambiranso ndi fulashi ija, koma ndi bwino kupewa. Ntchito yonse imatenga pafupifupi theka la ola, kuposerapo pang'ono pa makina ochedwa.

Dinani kawiri chizindikiro cha Install chimene chili pa sikirini. Mafunso ambiri ndi osavuta. Chiyankhulo sankhani English. Pa kiyibodi yang'anani nambala 2 ndi 3: ngati pamwamba pa 2 pali @, ndi ya US, ngati pamwamba pa 3 pali chizindikiro cha paundi, ndi ya UK. Pali malo oyeserapo, lembanipo @ muone ngati ikutuluka, chifukwa kiyibodi yolakwika idzakuvutitsani polemba pasiwedi ndi imelo. Mint ikufunsani za multimedia codecs. Chongani ngati muli pa intaneti, kuti mafilimu ndi nyimbo za mitundu yonse zizisewera. Pa mapu a nthawi dinani pamene muli: ku Malawi ituluka Blantyre, ku Zambia Lusaka.

Funso limodzi lokha ndi loopsa, la disiki. Mupatsidwa mwayi wofufuta disiki yonse, kapena woika Linux pambali pa Windows kuti muzisankha poyatsa. Kukhala ndi ziwiri kumamveka kwanzeru, koma pa kompyuta yakale ya disiki yaing'ono ndimalangiza kufufuta yonse, pokhapokha ngati pali pulogalamu ya Windows imene simungachite popanda iyo. Masisitimu awiri amapanikizana malo, ndipo Windows yosasamalidwa ija imakhala ikadali m'nyumba. Musanadine batani lomaliza, chotsani hadi disiki yakunja imene mwasungirapo zinthu zanu, kuti musaifufute molakwitsa. Werengani kukula kwa disiki imene yasankhidwa, mutsimikize kuti ndi ya mkati.

Kenako dzina ndi pasiwedi. Pa Linux pasiwedi imeneyi ndi imene imafunsidwa nthawi iliyonse wina akafuna kuika kapena kuchotsa pulogalamu, ndipo n'chifukwa chake ana sangadzaze kompyuta ndi zinthu zosadziwika. Ikhale ya makolo. Ana muwatsegulire akaunti yawoyawo yopanda mphamvu zosintha sisitimu. Funso lobisa mafayilo ndi encryption lidumpheni ngati kompyuta ndi yokhala pakhomo, chifukwa mukaiwala pasiwedi palibe katswiri amene angakubwezereni zithunzi zanu. Ikamaliza ikuuzani kuti muchotse fulashi ndi kudina Enter.

Sabata yoyamba

Ntchito yoyamba ndi ma update. Pa Mint kachishango kali pafupi ndi wotchi ndi Update Manager. Ulendo woyamba imatsitsa zambiri, mwina ma megabyte mazana angapo, choncho sankhani nthawi ya bandulo yotchipa. Ubwino wake n'kuti siitsitsa yokha mwakabisira pokhapokha mutailamula, ndipo imakuonetsani kukula kwa zinthu musanavomere. Kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri n'kokwanira, koma musalekeretu, makamaka za browser. Yatsaninso Firewall, imene imabwera yozimitsa. Timeshift imasunga chithunzi cha sisitimu kuti zikasokonekera mubwerere m'mbuyo. Ndi yothandiza, koma imadya malo, choncho pa disiki yaing'ono sungani zithunzi ziwiri zokha. Dziwani kuti imateteza sisitimu, osati mafayilo anu.

Mapulogalamu musamawasake pa intaneti monga tinkachitira pa Windows. Tsegulani Software Manager, lembani dzina, dinani Install. Mafayilo othera ndi .exe sagwira pano. VLC imasewera pafupifupi filimu iliyonse. Mu Firefox ikani uBlock Origin, imene imatsekereza zotsatsa malonda. Pa kompyuta yofooka kusiyana kwake kumaoneka ndi maso, ndipo bandulo imakhalitsa. YouTube ichepetseni kufika pa 360p kapena 480p, ndipo zolowerani kutseka tsamba limene mwathana nalo.

Ku LibreOffice sinthani chinthu chimodzi tsiku loyamba. Iyo imasunga makalata mu mtundu wake wa .odt, pomwe kuofesi, kusukulu ndi kosindikizitsa amayembekezera .docx. Pitani ku Tools, Options, Load/Save, General, musankhe kuti izisunga ngati Word nthawi zonse. Kalata yofunsira ntchito kapena CV itumizeni ngati PDF, batani lake lili pamwamba pomwepo, chifukwa PDF imaoneka chimodzimodzi pa kompyuta iliyonse. Makalata olembedwa ndi zilembo za Calibri akamaoneka osokonekera, ikani zilembo zotchedwa Carlito, zimene zinapangidwa mofanana kukula ndi Calibri. Olemba Chichewa amene amafuna chilembo cha ŵ, mu LibreOffice lembani 0175 kenako dinani Alt pamodzi ndi X.

Kompyuta yopanda intaneti si yopanda ntchito. GCompris ili ndi masewera ophunzitsa ana aang'ono kuwerenga ndi masamu, Tux Typing imaphunzitsa kutayipa, ndipo Kiwix imalola kusunga Wikipedia pa disiki n'kumaiwerenga popanda netiweki. Mafayilo a Kiwix alipo aakulu ndi aang'ono, ena a phunziro limodzi monga masamu kapena za umoyo, ndipo mumatsitsa kamodzi kokha. Kwa mwana wokonzekera mayeso a JCE kapena MSCE, laputopu yakale yokhala ndi zimenezi, mabuku a PDF ndi mapepala a mayeso akale ndi yaphindu kuposa foni imene mauthenga amangolowa mphindi iliyonse. Ngati kusukulu akuphunzira pa Word ndi Excel, muuzeni kuti mabatani ena ali malo osiyana, koma mfundo zake, ngakhale mafomula ambiri a Excel, n'zofanana.

Pali mphatso ina imene mudzaikonda. Vayirasi ija ya m'malo osindikizira mapepala, imene imabisa mafayilo pa fulashi n'kusiya ma shortcut okhaokha, siigwira ntchito pa Linux. Lowetsani fulashi yodwalayo, mudzaona mafayilo anu onse ali m'foda imene vayirasi inawabisamo. Akopereni, fufutani ma shortcut ndi mafayilo achilendo, kapena ifomateni fulashiyo. Kumbukirani kuti ngakhale vayirasiyo singakupwetekeni, mukhoza kuipititsa kwa mnzanu wa Windows mukapanda kuichotsa.

Ngati muli ndi kandalama pang'ono

Palibe chimene chimasintha kompyuta yakale kuposa kuchotsa hadi disiki yozungulira n'kuikamo SSD. Malaputopu ambiri a kuyambira cha m'ma 2008 amalandira SSD ya SATA ya mainchesi 2.5, ndipo ya 120GB kapena 128GB ndi yokwanira pa Linux. Kompyuta imene inkatenga mphindi zingapo kuyaka imayamba kuyaka m'masekondi. Njira imeneyi ili ndi ubwino winanso: disiki yakale mumaichotsa ili ndi Windows ndi mafayilo anu onse osakhudzidwa. Iikeni m'kabokosi ka USB isanduke disiki yakunja. Chachiwiri ndi RAM. Kuchoka pa 2GB kufika pa 4GB kumasintha kwambiri za intaneti. Pogula tengani laputopu kapena RAM yakaleyo kusitolo, chifukwa DDR2, DDR3 ndi DDR3L ndi zosiyana, ndipo muiyese musanalipire.

Fumbi nalo ndi mdani, makamaka m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala. Purosesa ikatentha imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse, ndipo inu mumangoona kompyuta ikuchedwa. Ngati fani ikulira kosalekeza ndipo pansi pakutentha, pitani nayo kwa okonza akaipukute mkati ndi kusintha mafuta a pa purosesa, amene amawatcha thermal paste. Musamaiike pa bedi kapena pa pilo, chifukwa mpweya umalowera pansi.

Kompyuta ikamaiwala tsiku ndi nthawi mukaizimitsa, n'kumabwerera ku chaka chakalekale, browser imayamba kukana masamba ponena kuti si otetezeka. Vuto si Linux kapena netiweki. Ndi kabatire kakang'ono kozungulira ka pa bolodi, kawirikawiri ka nambala CR2032, kamene kamapezeka kwa okonza mawotchi. Pa kompyuta ya pa tebulo mukhoza kukasintha nokha mutazula chingwe cha magetsi. Pa laputopu nthawi zina kamabisika mkati ndipo kamakhala ndi timawaya take, choncho apatseni okonza. Fulashi imene munaikira sisitimu musaifufute. Ilembeni dzina, muisunge m'kabati, chifukwa tsiku limene kompyuta idzakane kuyaka, mudzayatsira pomwepo n'kukopera mafayilo anu musanayambe kukonza.